Achipatala akakulakwirani: zoti muchite musanathamangire kwa loya

Mchemwali wanga atabereka mwana wachiwiri pa opaleshoni anakhala masabata atatu akudandaula m'mimba, thupi kutentha, bala likuchucha mafinya, ndipo tikabwerera kuchipatalako ankangoti ndi mmene zimakhalira mayi, kamweni mankhwalawa muchira. Titatopa tinapita kwina, anamuunika, nkupeza kuti kansalu kopukutira magazi kaja amagwiritsa ntchito ku fiyeta kanatsalira mkati. Anamung'ambanso kachiwiri. Ine ndinali gadiyani wake, ndipo chomwe ndinachita tsiku limenelo ndi kukakalipa pakhonde la chipatala choyamba chija, kulalatira nesi yemwe olo pa shifiti ya tsiku la opaleshoni sanalipo. Zopempha kopi ya fayilo, zomuuza dokotala wachiwiriyo kuti atilembere zomwe wapeza, ndinazikumbukira patatha miyezi, mapepala ena atayamba kale kusowa. Nde izi ndikulembera munthu amene ali pomwe ndinali ine paja, mtima uli phuphuphu koma osadziwa poyambira.

Choyamba wodwala athandizidwe kaye. Ngati simukuwakhulupiriranso amene analakwitsawo pitani kwa dokotala wina, palibe lamulo loti muzingobwerera komweko. Ndipo kupita kwinako kumathandiza pawiri, chifukwa dokotala wachiwiri amalemba mufayilo yake zomwe wapeza tsiku lomwe mwafikalo, ndipo zolemba zimenezo mtsogolo zimakhala umboni wolemera kuposa pakamwa panu. Mufunseni mwaulemu kuti adokotala, zomwe mwaonazi mungatilembere kalipoti? Musamukakamize kunena kuti mnzake analakwa, ambiri amakana ndipo mwina mungamuthawitse. Alembe zomwe waona basi: wapeza chani, pati, liti, wachita chani.

Usiku womwewo tengani kope kapena foni mulembe zonse mukadali kukumbuka. Munafika nthawi yanji, anakulandirani ndani, munadikira maola angati, anakuuzani chani, jakisoni anabaya nthawi yanji, dilipi inatha liti ndipo anabwera kudzasintha patapita nthawi yaitali bwanji, munaitana kangati osabwera munthu. Ngati dzina la nesi simukulidziwa lembani mmene amaonekera ndi shifiti yake. Lembaninso omwe analipo, achibale kapena odwala anzake a pabedi loyandikana, ndi manambala awo ngati avomera. Mutu wa munthu umasokoneza, pakatha zaka ziwiri loya wa chipatala akadzakufunsani kuti inali 2 koloko kapena 5 koloko mudzangoti kakasi, ndipo kukayikako iye adzakugwiritsa ntchito. Jambulani bala pafoni tsiku ndi tsiku, sungani mabotolo ndi mapaketi a mankhwala olo atatha, marisiti onse, makalata okutumizani ku chipatala china, zotsatira za magazi, zithunzi za sikani, mameseji omwe munalemberana ndi achipatala. Zonse muike malo amodzi ndipo mujambule kopi ina musunge kwina.

Kenako pemphani kopi ya fayilo yonse, ndipo mupemphe polemba kalata, osati pakamwa. Kalatayo ikhale ndi deti, dzina la wodwala, nambala ya fayilo ndi masiku omwe anagonekedwa, ndipo amene walandira asayine pa kopi yanu. M'maiko ambiri wodwala ali ndi ufulu woona zomwe zinalembedwa zokhudza iye, ngakhale pepala lenilenilo ndi la chipatala. Mukangoti ndikufuna fayilo akhoza kukupatsani katsamba kamodzi kachidule kotulutsira munthu, nde tchulani: zolemba za madokotala, zolemba za manesi, tchati cha mankhwala, tchati chomwe amalembapo BP ndi kutentha kwa thupi, lipoti la opaleshoni, zolemba za wogonetsa tulo, fomu yomwe munasayina, ndipo ngati ndi nkhani ya uchembere, tchati chomwe amalondolerapo matenda ndi kugunda kwa mtima wa mwana. Zolemba za manesi ndi zomwe anthu amazinyozera koma mmenemo ndi momwe mumakhala nthawi yeniyeni ya zinthu, kuti dokotala anaimbiridwa 1 koloko usiku nkubwera kutacha. Pemphani msanga, musanayambe kutchula za khoti. Sindikuti chipatala chilichonse chimabisa, koma fayilo ya munthu amene waopseza kale imavuta kupezeka, zimenezo ndinaziona ndekha.

Ngati munthu wamwalira, apa mpovuta kunena koma ndinenabe: ganizirani zopimitsa mtembo musanaike. Pamaliro palibe amene amafuna kumva zimenezi, aliyense amangoti zachitika zachitika timuike m'bale wathu apume. Koma popanda lipoti la chomwe chinapha munthu, chipatala chidzangoti anafa ndi matenda omwe anabwera nawo ndipo inu mudzasowa poyankhira. Ngati nkotheka opimayo asakhale wa chipatala chomwecho.

Za Facebook ndi magulu a WhatsApp, dzigwireni. Mukalemba dzina la dokotala nkumutchula kuti wakupha, mawa ndinu amene mukuyankha mlandu woipitsa mbiri, komanso chilichonse mwalemba muli wolusa loya wa mbali inayo adzachiwerenga mokweza m'khoti.

Kodi zomwe zachitikazi ndi mlandu?

Apa ndi pomwe anthu ambiri timagwa. Sikuti aliyense amene sanachire kapena wamwalira m'chipatala ndiye kuti analakwiridwa. Mankhwala ali ndi zovuta zake, opaleshoni ikhoza kuchitika bwinobwino munthu nkudwalabe. Komanso sikuti zolakwika nzosowa ayi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 aliwonse amavulazidwa akulandira chithandizo, ndipo zoposa theka la zimenezo zinali zopeweka. Nde funso la khoti silikhala loti kodi mwavutika, limakhala loti kodi wachipatalayu anachita zomwe mnzake wodziwa ntchito, wosamala, akanachita atakhala pamalo omwewo? Ndipo ngati sanatero, kodi kulephera kwakeko ndi komwe kwabweretsa vuto lanuli?

Muyeso umenewu m'maiko omwe malamulo awo anachokera ku Britain umatengera mlandu wa Bolam wa mu 1957. Bambo Bolam ankathandizidwa matenda a maganizo pa chipatala cha Friern ku London pomuwombetsa magetsi kumutu, sanamupatse mankhwala ofewetsa minofu komanso sanamumange, thupi linagwedezeka mwamphamvu mpaka anathyoka mafupa a m'chiuno. Anasuma, koma analuza, chifukwa nthawi imeneyo panali madokotala ena odalirika omwe ankachitanso chimodzimodzi. Mfundo inatsalira ndi yoti dokotala sanalakwe ngati zomwe anachita zikuvomerezedwa ndi gulu la madokotala anzake odziwa ntchitoyo, olo patakhala ena omwe akanachita mosiyana. Mukaimva koyamba imapweteka, zimakhala ngati madokotala akudziweruza okha. Mu 1997 pa mlandu wa Bolitho majaji anaibweza pang'ono, anati sikokwanira kungobweretsa madokotala oti ifenso timatero, maganizo awowo akhale omveka jaji akawapima, apo ayi khoti likhoza kuwakana. Koma mfundo yaikulu sinasinthe, ndipo tanthauzo lake kwa inu ndi loti popanda dokotala wina wa ntchito yomweyo woti awerenge fayilo nkulemba lipoti kuti apa panalakwika, mlandu wanu suyenda. Ndipo kumupeza woteroyo si masewera, maka komwe madokotala a nthambi imodzi ndi ochepa ndipo onse amadziwana, anaphunzira limodzi, amakumana kumisonkhano. Pena loya amachita kukamufuna kutali.

Pali zina zomwe zimadzinenera zokha, ngati kansalu ka mchemwali wanga kaja, sizasi yotsalira m'mimba, kudula mwendo wabwino kusiya wodwala, kupatsa munthu magazi a gulu lina. Kuyambira 2008 WHO ili ndi ndondomeko yoti ku fiyeta azitsimikiza dzina la wodwala ndi malo ong'amba asanayambe, ndipo aziwerenga zipangizo, singano ndi tinsalu wodwala asanatuluke. Nde zolakwika zoterezi zikachitikabe, chipatala ndi chomwe chimavutika kufotokoza kuti zinatheka bwanji popanda kusasamala.

Koma chomwe chimapha milandu yambiri ndi funso lachiwiri lija, loti kodi kulakwako ndi komwe kwabweretsa vutolo, ndipo ndikufuna mulimvetse musanawononge ndalama. Pa 1 Januwale 1966 m'mawa, alonda atatu a usiku anafika pa chipatala china ku London akusanza atamwa tiyi. Nesi anaimbira dokotala wa pa ntchito, dokotalayo, yemwe nayenso sankamva bwino, sanabwere kudzawaona, anangoti apite kwawo akaonane ndi madokotala awo. Mmodzi mwa iwo, a Barnett, anamwalira patangopita maola ochepa, nkupezeka kuti mu tiyimo munali poizoni wa arsenic. Mkazi wawo anasuma. Khoti linavomera kuti dokotala analakwa posawaona anthuwo, shuwa analakwa. Koma mayiyo sanapate kanthu, chifukwa akatswiri anaonetsa kuti olo akanawagoneka nthawi yomweyo, mankhwala oletsa poizoniyo sakanafika nthawi yake, akanamwalirabe. Mwaona? Kulakwa kulipo, imfa ilipo, koma chingwe cholumikiza ziwirizi palibe. Nde musanapite patali dzifunseni moona mtima, akanachita bwino zikanasintha chani? Ngati khansa anaipeza mochedwa ndi miyezi 8, funso ndi loti miyezi 8 imeneyo inasintha chani pa mwayi wochira, ndipo woyankha ndi katswiri, osati inu kapena loya. Chabwino chake pa mlandu wofuna chipukuta misozi simufunika kutsimikiza kopanda chikayiko chilichonse ngati pa mlandu wa upandu, mumangofunika kuonetsa kuti mbali yanu ndi yomwe ikuoneka yoona kuposa inayo.

Koma ndinasayina fomu

Ambiri amangosiyira pomwepa, akuti ndinasayina ndekha nde ndilibe chonena. Ayi. Fomu ija mumavomera opaleshoni ndi zoopsa zake zodziwika, simuvomera kuti akuchiteni mosasamala. Komanso kusayina pepala lomwe akupatsirani muli kale pa machira, wina atakugwirirani cholembera, osakufotokozerani kanthu, nkosiyana ndi kuvomera mukudziwa. Mu 2015 khoti lalikulu la ku UK linagamula mlandu wa Montgomery, mayi wa ku Scotland wamfupi thupi komanso wodwala shuga, yemwe mwana wake anali wamkulu m'mimba. Panali chiopsezo cha pafupifupi 9 mpaka 10 pa 100 choti mapewa a mwana akakamira pobadwa, dokotala sanamuuze poganiza kuti akamuuza asankha opaleshoni. Zinachitikadi, mwanayo anabadwa mu 1999 atasowa mpweya nkulumala ubongo. Khoti linati dokotala ayenera kuuza wodwala zoopsa zomwe munthu woganiza bwino angafune kudziwa, komanso njira zina zomwe zilipo, wosankha ndi mwini thupi. Mayiyo anapatsidwa mapaundi 5.25 miliyoni, koma onani zaka, kuchoka 1999 kufika 2015. Si dziko lililonse lomwe limatsata chigamulochi ndendende, nde mufunse loya wanu, koma mu kope lanu lija lembani bwino zomwe anakuuzani ndi zomwe sanakuuzeni musanasayine.

Tsopano khalani pansi mudzifunse kuti mukufuna chani kwenikweni, poti makomo ake ndi osiyana ndipo anthu amagogoda lolakwika. Ngati mukufuna kudziwa chomwe chinachitika ndi kupepesedwa, lembani dandaulo kwa oyang'anira chipatala, mupemphe mkumano komanso yankho lolemba, mupite ndi munthu wina wolemba zomwe zikukambidwa. Ngati mukufuna kuti wolakwayo alangidwe kapena asadzachitenso kwa wina, pitani ku bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa madokotala kapena manesi, iwo akhoza kumuchenjeza, kumuimika kapena kumulanda chiphaso, koma kawirikawiri ndalama sapereka. Ngati mukufuna chipukuta misozi ndiye kukhoti. Za apolisi ndi zina, dokotala amamangidwa pokhapokha kusasamala kwake kwafika poipitsitsa, ngati pa mlandu wa Adomako womwe unathera ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lalikulu la ku UK, mu 1994, wogonetsa tulo yemwe sanazindikire kwa mphindi pafupifupi 6 kuti paipi ya mpweya yaguluka pa opaleshoni ya diso, wodwala nkufa. Zotere nzosowa, musayembekezere kuti nesi wamwano akagona mu selo. Ndipo mwano pawokha, olo umawawa bwanji, si mlandu wa chipukuta misozi ngati sunakuvulazeni, umenewo ndi wa ku dandaulo. Makomowa mukhoza kugogoda angapo nthawi imodzi. Maiko ena ali ndi njira yawoyawo, ku New Zealand kuyambira 1974 wovulala amalipidwa ndi thumba la boma lotchedwa ACC popanda kukokerana dokotala kukhoti, nde fufuzani kaye kuti komwe muliko zimayenda bwanji.

Paja timati mlandu suola. Kukhoti umaola abale, ndipo umaola msanga. Ku England muli ndi zaka 3 kuchokera tsiku lomwe zinachitika kapena lomwe munazindikira kuti munavulazidwa, ndipo kwa mwana zaka zimenezo zimayamba kuwerengedwa akakwanitsa 18. Ku South Africa nakonso ndi zaka 3, koma ngati chipatalacho ndi cha boma mumayenera kupereka kalata yochenjeza pasanathe miyezi 6. Dziko lililonse lili ndi malire ake, ndipo msampha waukulu ndi uwu: mwalemba dandaulo, achipatala akuti tikufufuza bwerani mwezi wamawa, mwezi wamawa akuti abwana ali ku msonkhano, inu mukudikira mwaulemu, koma nthawi ya kukhoti siima chifukwa choti mwadandaula. Nde olo simunaganize zosuma, kaonaneni ndi loya msanga akuuzeni deti yomaliza, muilembe pachikuto cha kope lija.

Posankha loya musangotenga yemwe anakuthandizani za malo kapena za ukwati. Mufunseni mosabisa ngati anagwirapo milandu ya chipatala, katswiri wolemba lipoti amupeza kuti ndipo alipira ndani, iye mwini mumulipira bwanji, pa ola kapena adzadula gawo pa zomwe mudzapate ngati malamulo a kwanuko amalola, ndipo mukaluza ndalama zomwe mbali inayo yawononga adzabweza ndani, poti m'maiko ambiri woluza ndi amene amasenza. Zonse zilembedwe. Ngati thumba silikulola funsani za maloya a boma othandiza osauka kapena mabungwe oona za ufulu wa odwala. Loya amene wangomva nkhani yanu mphindi 10 nkuyamba kukutchulirani mamiliyoni fayilo asanaione, ameneyo muthaweni. Wabwino amayamba wakufunsani mafunso okwiyitsa, ngati munkamwa mankhwala mwandondomeko, ngati munabwerera pa deti yomwe anakupatsani, ngati munabisa matenda ena kapena zomwe munamwa musanabwere. Muuzeni zoona zonse, chifukwa ngati inunso munathandizira vutolo khoti likhoza kudula ndalama, ndipo bola azimve kwa inu kusiyana nkukazimvera m'khoti.

Wosumiridwa kawirikawiri sakhala nesi kapena dokotala payekha. Lamulo limati wolemba ntchito amayankha pa zolakwa za wantchito wake ali pa ntchito, nde mumasumira eni chipatala, kaya ndi kampani, mpingo kapena boma, ndipo kumbuyo kwawo nthawi zambiri kumakhala a inshulansi. Izi zimathandizanso pomwe simukudziwa kuti mwa anthu 6 omwe anali ku fiyeta analakwitsa ndani, kapena pomwe vuto silinali munthu mmodzi koma dongosolo, zotsatira za magazi zinabwera koma palibe anaziwerenga, makina anafa kalekale osakonzedwa. Dokotala wodziimira payekha yemwe amangobwereka fiyeta ndiye nkhani yake imasiyana, loya aone mgwirizano wawo.

Ndalama zomwe khoti limapereka si mphoto, cholinga ndi kukubwezerani pomwe mukanakhala zikanapanda kuchitika, mmene ndalama ingathere. Amawerengera zomwe mwawononga pa chithandizo ndi maulendo, malipiro omwe mwataya, omwe mudzataye mtsogolo ngati simungagwirenso ntchito, chisamaliro cha mtsogolo monga njinga ya olumala kapena munthu wokusamalirani, kenako ululu ndi kuvutika. Ngati munthu wamwalira amaona omwe ankadalira iye. Nchifukwa chake ndimalimbikira za marisiti, chomwe mulibe pepala lake chimavuta kuchiwerengera. Ndipo ngati chovulalacho chinali chaching'ono munachira pa sabata ziwiri, kunena zoona ndalama za akatswiri ndi maloya zikhoza kuposa zomwe mungapate, apo bola dandaulo.

Milandu yambiri yotere sifika poweruzidwa, imathera pa kukambirana, ndipo palibe cholakwika kugwirizana kunja kwa khoti ngati ndalamazo nzokwanira. Chenjerani ndi envelopu yofulumira. Kwa ife anabwera bambo wina wa ku ofesi ya chipatala, waulemu kwambiri, anakhala pampando pafupi ndi bedi la mchemwali wanga nkunena kuti mayi pepani kwambiri, bilu yonse taichotsa, mungosayina apa kuti nkhani yatha. Kapepala kake kanali ka tsamba limodzi, mzere wofunika unali kumunsi, woti sadzadandaulanso kwina kulikonse pa nkhaniyi. Nthawi imeneyo bala linali lisanapole ndipo palibe ankadziwa ngati adzabereke bwino mtsogolo. Mukasayina zotere mwatseka chitseko, vuto likadzakula chaka chamawa simudzabwereranso. Auzeni kuti zikomo bambo, tisiyireni kopi tikaiwerenge kaye, ndipo musayike dzina lanu pamenepo loya asanaione komanso dokotala wodziimira payekha asanakuuzeni kuti thupi lidzathera pati.